Mayina 64 m'Laputopu ya Malungo

LOLEMBA

Lero mudzi uno ukulowa m'nyengo yatsopano, ufune usafune!

Mayina a anthu olandira makuponi a feteleza wa sabuside chaka chino ali mu laputopu yanga. Onse 64. M'mizere yowongoka, motsata alifabeti, dzina lililonse m'kabokosi kake. Zaka zonsezi a Kamanga, alembi a komiti ya m'mudzi, akhala akulemba ndi bolopeni pa mapepala othothola m'kope, zilembo zake ngati papalasa nkhuku. Pa msonkhano wa Loweruka ndinaimirira n'kunena kuti digiri ndili nayo, ntchito ndilibe, nthawi ndiye yosayamba, ndipatseni mapepalawo. Anandipatsa. Ena mpaka anawomba m'manja.

Alangizi akufuna mndandandawu Lachisanu 12 koloko isanakwane. Galimoto yopita kuboma ikangonyamuka, kaundula watsekedwa. Amene dzina lake palibe, kuponi alibe, ndipo chimanga chake chilekezera m'mawondo. Ife tikudziwa bwino, chaka chatha abambo sanalandire nawo. Chaka chino msonkhano wagwirizana kuti ndi nthawi yawo.

Zochita lero:
1. Kupalasa njinga kupita pa Santhe kukapulinta.
2. Kupereka mndandanda kudakali masiku anayi, alangizi adabwe.
3. Kuganizira china chofunika kusintha m'mudzi muno. Zilipo zambiri.

Ndikumanga chikwama pa kaliyala, abambo akufunsa ngati ndathana nawo mapepala a a Kamanga. Akuti pepala la m'kope limapichirika bwino fodya kuposa nyuzipepala. Ndawapatsa onse. Nthawi ya mapepala yatha, asute!

Madzulo.

Sindinapulinte. Witinesi, amene amameta, kutchaja mafoni, kuika nyimbo ndi kupulinta m'kachipinda kamodzi komweko, akuti inki yatha. Ibwera Lachinayi ndi alamu ake ochokera ku Lilongwe. Palibe kanthu, Lachinayi si Lachisanu.

Koma waona laputopu yanga n'kuseka. "Akulu, digiri yonseyi mukuyendabe pa sisitimu ya makedzana?" Akuti yatuluka yatsopano, yaulere, yothamanga ngati mphenzi. Zandilasa mtima. Ine wobweretsa kusintha ndikhale wotsalira?

Wapempha fulashi yanga kuti aikemo sisitimuyo, ndipo wayamba wafufuta zonse zinali momwemo. Munali kope lachiwiri la mndandanda. Palibe vuto, fayilo ilinso mu laputopu.

Maola anayi ndili pa benchi, tsitsi la anthu likundigwera m'mapazi. Kenako yayaka. Kukongola kwake! Timabokosi towuluka, mitundu ya mbee, mpaka yandipatsa moni.

Pobwerera ndabereka chikwama kumsana. Msana ukutentha modabwitsa. Ndi dzuwa la Okutobala basi.

LACHIWIRI

Si dzuwa.

Dzulo ndachoka kwa Witinesi batire ili 100. Sindinaiyatse panjira, sindinaiyatse kunyumba. Lero ndikutsegula: 31. Moto wina wapita kuti? Kale inkanditengera tsiku lonse ndikamaisamala. Kuno magetsi kulibe, kotchaja ndi pa Santhe, ulendo wa ola lathunthu pa njinga.

Ndiye phokoso! Fani ikulira ngati chigayo cha dizilo. Amayi asuzumira pakhomo: "Ngati chikugaya undiuze, ndibweretse mphale."

Pa sikirini palembedwa kuti ikuika zinthu zina zatsopano, ndisaizimitse. Zatsopano zinanso? Dzulo lomweli?

Zinthu zimene ndayerekeza nazo kutentha kwake:
- simbi ya makala
- malata a tchalitchi masana
- mpando wa njinga yosiyidwa padzuwa
- mbatata yongofukula kumene

Mbatata ikuchepa.

Masana kwabwera a Kamanga, atavala jekete yawo ya misonkhano dzuwa lonseli. Akuti abwera kudzaona mayina awo "pa kanema". Abambo awapatsa madzi a m'chigubu chawo chija. Amachikulunga m'chiguduli chonyowa n'kuchipachika m'chigafa cha fodya, pomwe pamadutsa mphepo, ndipo madzi ake amazizira mpaka kupweteka mano. Amachitcha fuliji. Mlendo aliyense ayenera amwe ndi kuyamikira.

Ndatsegula fayilo. A Kamanga avala magalasi, apeza dzina lawo, amwetulira ngati mwana. Kenako aika chikhatho pambali pa mabatani n'kuchichotsa msangamsanga.

"Yagwidwa malungo iyi."

Ndafotokoza kuti sisitimu yatsopano imayamba yazolowera kaye. Agwedeza mutu. Asolola bolopeni m'thumba la jekete. "Mwana wanga, poti ikadali maso, koperani pa pepala. Mayina 64 si ntchito."

Kukopera pa pepala! Ine! Pamaso pa munthu amene ndamulanda mapepala Loweruka lomweli! Ndathokoza mwaulemu n'kukana.

Yazima yokha tili pa chilembo M. Batire 0. A Kamanga abweza bolopeni m'thumba mwakachetechete, amwanso madzi a mu fuliji, atsanzika.

Ikadali yotentha. Yozima, koma yotentha. Mphaka wagona pamwamba pake.

LACHITATU

Ndalawirira pa Santhe. Magetsi athima chiyambire dzulo madzulo. Palibe akudziwa kuti abwera liti, palibenso akudabwa.

Witinesi ali ndi batire ya galimoto ndi inveta, zomwe amametera magetsi akathima. Ndamuchonderera. Tangolumikiza laputopu, inveta yayamba kulira tswiii, mashini ometera aima. Mkulu wina watsala mutu theka wometa, theka tchire, ndipo wandiyang'ana ngati ndamubera mbuzi.

"Akulu, makina anuwa akumwa moto ngati mbaula," akutero Witinesi, ngati kuti anaikamo sisitimuyi ndi munthu wina.

Tagwirizana kuti azimeta mutu umodzi, ine n'kutchaja pang'ono, ametenso wina. Lero ndi tsiku la msika. Mitu ndi yambiri.

Zomwe tayesa kuti izizire:
- kuikhazika pa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti mphepo izidutsa pansi
- kuikupiza ndi katoni (ine)
- kuikupiza ndi chipewa (mkulu wa mutu theka uja, atakhululuka)
- kuiuzira m'timabowo ta m'mbali, monga muja tikolezera moto. Mwina n'chifukwa chake sizinathandize.

Ndayesa kukopera fayilo mu fulashi. Sisitimu yatsopano ikuti dikirani, ikufufuza kaye kuti fulashiyi ndi ndani. Ikufufuza fulashi yomwe inabwereramo! Isanamalize kufufuza yazima chifukwa cha kutentha. Kawiri konse.

Ndafunsa ngati tingabwerere ku sisitimu yakale. Witinesi akuti n'zotheka, kungoti pakufunika magetsi osathima kwa maola atatu. Anthu onse m'chipindamo aseka. Ine sindinaseke nawo.

Ndabwerera ndi batire ili 40, chikwama ndachimanga pa kaliyala chifukwa msana wakana.

Madzulo.

Mantha andigwira panjira. Nditangofika ndapita pa chitini cha fodya cha abambo kukafuna mapepala a a Kamanga. Ndapeza kachidutswa kamodzi, mayina asanu, awiri odulidwa pakati. Abambo akuti pepala labwino sadyera yekha, anagawirako anzawo a pa bawo.

Ndiye kuti chiyambire Lolemba mudzi uno wakhala ukusutidwa. Mbumba yonse ya kwa a Nkhoma yatulukira m'mphuno mwa abambo. Amasiye a kutsidya kwa mjigo asutidwa pa bawo.

Ndinawapatsa ndekha. Ndi manja awiri.

Abambo aima nthawi yaitali akuyang'ana laputopu ili pa tebulo, ikulira pansipansi ngakhale ndi yotseka. Aigwira ndi kuseri kwa dzanja, monga ankandigwirira pachipumi ndili mwana. Akuti, "Chikuvutika chinthuchi." Ndawauza kuti asadandaule, mawa inki ibwera, zonse zitha.

LACHINAYI

Uthenga wa Witinesi m'mamawa: magetsi ayaka, inki yafika. Mulungu alipo!

Ndikutulutsa njinga, tayala lakumbuyo lili phwaa. Minga ya dzulo. Ndaisiya laputopu pa tebulo n'kukankha njinga mpaka kumsewu kwa omata. Ndapeza njinga zitatu patsogolo panga, ndipo omatawo sagwira ntchito asanamalize nkhani. Maola awiri ndi theka.

Ndabwerera. Pa tebulo palibe kanthu.

Abambo akuchokera ku nazale ya fodya kudimba, keni yothirira ili m'manja, nkhope yowala. "Usadandaule, ndaisamalira. Inafika poti sungaigwire."

Anditengera ku chigafa. Pa mtanda, pambali pa chigubu cha madzi, papachikidwa mtolo wachiwiri wa chiguduli, womangidwa bwinobwino ndi luzi. Ukudontha. Tho. Tho. Tho.

"Kawiri konse chiguduli chinauma gwa, ndiye ndimathiriranso ndi keni. Kachitatuka ndi pomwe yamvera. Tagwira uone."

Ndagwira. Yozizira. Kwa nthawi yoyamba chiyambire Lolemba, yozizira bwinobwino, ndiponso chete. Ndadina batani. Chete. Ndadinanso. Ndaipendeketsa, madzi atuluka pa bowo la fulashi.

Zomwe ndayankhula sindikufuna kuzilemba zonse. Ndakweza mawu. Amayi atuluka m'khitchini, a Nabanda oyandikana nafe aima pa mpanda. Ndanena mawu akuti umbuli. Ndawanena kawiri. Ndanena kuti anthu ngati iwowo ndi amene akubwezera dziko lino m'mbuyo.

Laputopu imeneyi anandigulira ndi iwowo ndili chaka chachiwiri ku koleji, ndi fodya wouma m'chigafa chomwechi. Anapita okha kutauni, anaibweretsa ataikulunga m'chitenje cha amayi, osalola kondakitala kuigwira.

Amasula luzi, apinda chiguduli, atola keni, abwerera kudimba dzuwa lili paliwombo. Nazale sathirira masana. Aliyense akudziwa zimenezo.

Ndapitabe pa Santhe. Kaya ndimayembekezera chiyani. Witinesi wailumikiza ku magetsi, palibe ngakhale kagetsi kakang'ono kaja. Waigwedeza pafupi ndi khutu lake ngati dzira. "Akulu, mwaisambitsa?"

Pulinta ikugwira ntchito bwino kwambiri. Ndakhala pa benchi ndikuonerera ikutulutsa makadi a ukwati wa anthu ena, inki yakuda bii.

Mawa Lachisanu. Mayina 64. Ndili ndi asanu, awiri odulidwa.

LACHISANU

Tambala wachiwiri ndili pakhomo pa a Kamanga. Ndagwada. Ndafotokoza zonse ndikuyang'ana zala za kumapazi.

Ndimadikira kuti anene kuti ndinakuuzani. Sananene. Zikanakhala bwino akananena. Alowa m'nyumba, atuluka ndi jekete, kope latsopano ndi bolopeni yomwe ija.

Akuti tikakhale pa khonde la kwathu, chifukwa nyumba yathu ili pokwera, mudzi wonse umaonekera pamenepo. Ndayamba kulemba A pamwamba pa tsamba. Andigwira dzanja. "Mudzi suyenda ndi alifabeti, mwana wanga. Umayenda ndi njira."

Ndiye ayambira pa mjigo. Chala m'mwamba, nyumba ndi nyumba. Iyo ya malata a dzimbiri, a Phiri, analandira chaka chatha, msonkhano unati adikire. Yotsatira, amasiye a malemu Zuze, lembani. Kuseri kwa mango, a Banda a njinga, lembani. A Banda a mbuzi, ayi. A Banda opanda kanthu, lembani msanga. Akukumbukira yemwe anaimirira pa msonkhano, yemwe anatsutsa, yemwe anatuma mkazi wake. Nyumba zobisika kuseri kwa nsungwi akuziona ndi maso otsinzina.

Palibe fani. Palibe batire. Angopempha madzi kamodzi, ndipo amayi abweretsa a mumtsuko. Fuliji palibe waitchula.

Abambo akhala kumapeto kwa khonde, akumata keni ndi phula. A Kamanga akakayika amawafunsa, iwo n'kungoti "eya" kapena "ayi, ameneyo anasamuka". Ine ndi iwo sitinayang'anane.

Chala chazungulira mudzi wonse n'kubwerera pa mjigo. Ndawerenga: 63.

Ndawerenganso: 63. Ndikulumbira kuti anali 64. A Kamanga ayendanso ndi chala kachiwiri, mofulumira. 63. Akuti mwina mu makina muja ndinalemba a Banda ena kawiri, a Banda ndi ambiri muno. Ndafunsa mokweza ngati pali amene taiwala. Abambo akuyang'ana keni yawo.

Nthawi: 10 koloko yadutsa. Ndathothola masamba, ndakwera njinga.

Kupalasa kwake! Tcheni chagwa kawiri. Ndafika galimoto italiza kale injini, thukuta lili kamukamu. Alangizi alandira masamba anga awiri, awatembenuza uku ndi uku. "Si paja munati chaka chino zibwera za pa kompyuta?" Anthu a midzi ina aseka. Zilembo zanga, ndikuvomereza, zikuposa za a Kamanga pa kupalasa.

Koma zalowa mu envulopu. Envulopu yalowa m'galimoto. Galimoto yapita, fumbi kobo!

Mudzi wapulumuka. Ndakhala pansi pa mtengo wa bulugama mpaka thukuta lauma.

LOWERUKA

Witinesi waitsegula laputopu ndi kasikuludiraiva ka mafoni. Anthu atatu odikira kumeta abwera kudzaonerera ngati maliro a munthu wotchuka.

Zopezeka m'kati:
- madzi, akadalimo
- fumbi la fodya lomatirira pa fani ngati bulangeti, la zaka zinayi
- mphemvu imodzi, yophikika

Akuti makinawa ndi okalamba, sisitimu yatsopano ndi yolemera, zili ngati kusenzetsa bulu katundu wa thirakitala. Fani inali yotsekeka kale ndi fumbi, ndiye ikanapuma bwanji? Ndamufunsa chifukwa chake sanandiuze Lolemba. Akuti, "Simunafunse, akulu. Munangoti ikani."

N'zoona. Ndinangoti ikani.

Akuti mwina ku Lilongwe angathe kuchotsa za m'kati. Mwina. Muli kalata zanga zonse zofunsira ntchito, muli pulojekiti yanga ya chaka chomaliza, muli zithunzi za tsiku la digiri, abambo atavala suti yobwereka. Walangiza kuti ndiyambe ndaiyanika.

Ndaiyanika pa denga la khola, pambali pa mfutso wa amayi. Pofika masana yatenthanso ngati Lachiwiri. Kutentha kokha, moyo ayi.

Pakhomo pano mawu akuyenda kudzera mwa amayi. "Auzeni abambo anu madzi osamba apsa." "Muuze mwana wako njinga aichotse pakhomo." Chigubu chili pansi m'chigafa, chopanda chiguduli. Tikumwa madzi ofunda tonse.

Mutu sukundipatsa mtendere. 63, 64. Ndawerenga a Banda onse ndi zala. Palibe amene ndikanamulemba kawiri, sisitimu yakale ija inkandichenjeza dzina likabwerezedwa.

LAMULUNGU

Potuluka ku Misa anthu akundigwira chanza. Amva kuti mndandanda wapita pa nthawi yake. Za chiguduli amvanso, a Nabanda sagona ndi nkhani, koma akundithokozabe. Amasiye a malemu Zuze andigwira manja onse awiri: "Mwana wathu wa kompyuta." Ndangoti zikomo.

Ulaliki sindinaumve. Ndimakonza mawu opepesera.

Masana ndawapeza abambo pa khonde, pamalo pomwe anakhala Lachisanu. Ndakhala pansi, osati pa mpando. Ndanena kuti ndinalakwa, mawu aja sanali oyenera kutuluka pakamwa pa mwana wawo, iwo amangofuna kuthandiza.

Kenako akuti, "Zatha. Ine chilango changa ndachilandira, sindikudandaula."

Ndafunsa kuti chilango chanji.

"Dzina lija."

Ndayang'ana kumene kunaloza chala cha a Kamanga. Mjigo, malata a dzimbiri, mango, nsungwi, kuzungulira mpaka pa mjigo. Nyumba zonse zooneka uli pa khonde lathu. Imodzi yokha sioneka uli pa khonde lathu.

Tinakhalira nambala 64.

"Ndinaona Lachisanu lomwelo," akutero abambo. "Ndimati wandichotsa dala chifukwa cha makina ako aja. Ndinati bola, wolakwa ndine."

Anaona. Ndinafunsa mokweza ngati pali amene taiwala, iwo ali pomwepo, mikono itatu kuchokera pa bolopeni ija, ndipo anayang'ana keni. Masiku awiri athunthu akhala akukhulupirira kuti mwana wawo wawamana feteleza wa chaka chonse pobwezera, ndipo akhala akuvomereza kuti n'koyenera.

Ndalumbira kuti sindinachite dala. Andiyang'ana koyamba chiyambire Lachinayi. Akuti, "Oo." Ndiye aseka pang'ono, kuseka kotopa. "Ndiye kuti ndife mbuli tonse atatu, ndi a Kamanga omwe."

Ndati mawa ndilawirira kwa alangizi kukapempha. Akuti ndipite ngati ndikufuna kulimbitsa miyendo. Tonse tinamva zomwe ananena: galimoto ikanyamuka, kaundula watsekedwa. Chaka chachiwiri chopanda kuponi.

Amayi aimirira. Apita kukayang'ana m'khola la mbuzi, abwerera n'kunena kuti manyowa alipo okwana mizere ya kumtunda yokha. Tiyamba kututa mawa dzuwa lisanakwere. Abambo akuti chiguduli chija chauma, chithandiza kunyamulira.

Laputopu ili pansi pa bedi, m'chitenje chomwe inabwereramo.

Bolopeni ya a Kamanga ikadali kwa ine, anaiiwala Lachisanu, kapena anaisiya dala. Ndilembe pano, ngakhale palibe galimoto idzanyamule tsamba lino:

64. Yohane Mbewe, nyumba ya pokwera, ya chigafa kuseri.

Abambo asuzumira pakhomo. Akufunsa ngati m'kope langali muli pepala lomwe ndathana nalo.

Ndawathotholera la Lolemba.